Pampu Yopanda Mwini

9 Okutobala 2022

Domnica mkazi wanga,

Nicanor wa minibasi yoyenda pakati pa kwathu ndi kuno ku Italy wandiuza kuti Ilarion Gutu wachira, ndipo wayambanso kukhala pa benchi ya kutsogolo m'tchalitchi. Ndiye kuti Mulungu akumusungabe munthu amene anandiipitsira dzina. Ndayamba molakwika, undikhululukire. Moni nkhalamba yanga. Mawondo ali bwanji? Ine ndili bwino, kungoti masitepe a kuno akuoneka ngati achuluka kuposa chaka chatha.

M'katoni muli khofi, mafuta ophikira ndi mankhwala opaka aja. Ndalama, mayuro mazana awiri, zili m'sokosi yakuda. Ugule nkhuni tsopano zisanakwere, gasi usamudalire chaka chino. Uwauze achimwene ako asathire shuga mu vinyo ngati muja anachitira.

Unandifunsa kuti kwenikweni ndimagwira ntchito yanji ku yunivesite, poti kumudzi akuti ndimasesa. Kusesa ndimasesa ndithu, koma si zokhazo. Pansi pa nyumba ina pali chipinda chachikulu ngati khola la ng'ombe lija la kolikozi, munda wa boma umene tinkalima pamodzi. Muli makabati achitsulo m'mizere, ndipo m'kabati iliyonse muli makompyuta osanjikizana ngati mathireyi a mazira. Simukhala munthu. Aphunzitsi ndi ophunzira a nthambi zonse amatumiza masamu awo ali m'maofesi mwawo, masamuwo amaima pa mzere, makina n'kumawagaya ngati chigayo chosazima. Makinawa amatentha kwambiri, choncho pali mapaipi a madzi owaziziritsa, ndi mapampu awiri oyendetsa madziwo. Ine ndimasintha masefa, kuyang'ana ngati paliponse pakudontha, ndi kumvetsera mapampu.

Inde Domnica, mapampu. Sindinakuuze zaka zonsezi chifukwa ndinkadziwa kuti sudzapeza tulo. Imodzi inafa m'mwezi wa Meyi ndipo mpaka lero sanaikonze. Yatsala imodzi.

Zimenezi zikhale za ife awiri. Nicanor asamve, pakamwa pake ukupadziwa.

Mwamuna wako,
Trifan

27 Novembala 2022

Domnica,

Moni. Tchizi cha nkhosa chafika bwino, ndagawirako Tiziano, mnzanga wa kuntchito amene amakonza makompyuta. Akuti chikununkha ngati nsapato ya msilikali, koma wadya theka. Chifuwa chija chachepa.

Sabata yatha kunali msonkhano wa komiti yoyang'anira chipinda chathu. Anandituma kuika mipando ndi kubweretsa madzi, choncho ndinamva zambiri. Mayi Ornella, amene ndi mkulu wa chipindachi, anapempha ndalama zokonzera pampu. Ndinamvetsa chinthu chimene chandisowetsa mtendere.

Pulofesa aliyense akapata ndalama za kafukufuku, amagula makompyuta ake, kumata dzina lake, n'kudzawaika m'chipinda cha tonse. Masamu ake amatsogola pa mzere, ndipo makina ake akakhala opanda ntchito ena amagwiritsako. Zabwino ndithu. Koma opereka ndalamazo amalola kugulira makina okha. Magetsi ayi, madzi ayi, pampu ayi. Ndiye a nthambi ya mankhwala akuti alipire a zanyengo chifukwa ndiwo amadzaza mzere. A zanyengo akuti alipire a Pulofesa Zanon chifukwa makina awo ndiwo ambiri. A Zanon akuti iwo abweretsa kale chuma pasukulupa, pampu ndi nkhani ya akuluakulu a yunivesite. Akuluakuluwo anatumiza kalata yoti akuiganizira. A komiti anamwa madzi anga n'kubalalika.

Tiziano amangoseka. Akuti aliyense amafuna dzina lake pa kavalo, palibe wofuna dzina lake pa udzu. Ine sindinaseke.

Nkhani yathu ukuidziwa, koma ndilole ndiinenenso, kuno ndilibe wouza. Kolikozi itatha tinagawana minda, koma pampu ya kumtsinje sitikanaidula zidutswa, inakhala ya tonse. Tinagwirizana kuti khomo lililonse lizisonkha za girisi ndi mabering'i, wosunga akhale Ilarion, woyendetsa ndikhale ine. Ena anasonkha, ena ayi, ndipo zimene zinasonkhedwazo sindinaone chimene zinagula. Ndinapita kwa Ilarion kangati kukamuuza kuti pampu ikulira? Iwe wekha unkandiona. Itapsa m'chilala muja, tomato ndi chimanga cha mudzi wonse n'kuuma, iye anaimirira m'holo pamaso pa anthu n'kunena kuti ndinali nditaledzera, ndili mtulo. Munthu amene anagwira mwana wathu Lilia pa ubatizo. Kuyambira tsiku limenelo ndine Chiwotcha. Ana amene anali asanabadwe n'komwe amanditchula choncho.

 

Denga la khola la nkhumba ulisiye, ndidzalikonza ndekha.

Trifan

22 Januwale 2023

Domnica wanga,

Moni wa chaka chatsopano. Ndasangalala kuti nkhumba inali yonona ndiponso kuti Lilia anabwera ndi ana. Soseji yafika. Mankhwala a magazi usadumphitse. Ine ndilipo.

Mwezi uno ndatumiza zochepa. Lendi ya chipinda chimene timagona anthu atatu yakwera chifukwa cha magetsi. Magetsi omwewo avutanso kuntchito. Yunivesite yalamula kuti theka la makina lizimitsidwe mpaka nyengo yozizira ithe. Ine mumtima ndinathokoza, chifukwa pampu yapumako. Koma mzere wa masamu watalika, ndipo anthu akukangana m'makonde ngati pa mzere wa buledi masiku aja.

Makina amene azimitsidwa ndi akale, a tonse. A mayina akuyakabe. Ndiye amene nthambi yawo ndi yosauka ndiwo akudikira. Pali mayi wina wachitsikana, Benedetta, amene akuwerengera za kusefukira kwa mtsinje waukulu wa kuno, kuti madzi akadzakwera adzalowera midzi iti. Tsiku lina anatsika kudzaona makina ndi maso. Anati wagwira nawo ntchito zaka zambiri koma sanawaonepo. Ndinamuonetsa kabati yakale ya kukona, mosungira ntchito za anthu. Anaisisita ngati ng'ombe n'kunena kuti moyo wake wonse uli mmenemo. Ndinamufunsa ngati alibe posungira pena. Anati posungira pachiwiri n'polipira, ndipo akulu a nthambi yake anakana. Benedetta amanditcha agogo. Anandibweretsera makeke a kwawo.

Pali china. Lamlungu ku tchalitchi chathu cha kuno ndinakumana ndi Raisa, mwana wa mlongo wake wa Ilarion. Akusamalira nkhalamba ina mumzinda muno. Anandipatsa moni bwinobwino, koma nditapotoloka ndinamva akuuza mnzake kuti, "Ndi a Chiwotcha aja." Ndayenda ulendo wonsewu, Domnica, dzina lija landipeza. Sindinamuuze kumene ndimagwira ntchito. Akakufunsa a kwawo, uziti ndimasesa.

Trifan

23 Epulo 2023

Domnica,

Khristu wauka. Ndikhulupirira unapita kumanda kwa makolo ndi mazira ofiira ndi kundiperekera moni. Buledi wa Pasaka wafika wophwanyika koma wokoma. Ndili bwino. Dzanja lamanzere limachita dzanzi nthawi zina, ndi kagonedwe.

Ndalama zili m'thumba la khofi. Ugule mankhwala opopera mphesa, otsika mtengo aja ayi.

Makina onse ayatsidwanso. Pamwamba pa apo a Zanon apatanso ndalama zina ndipo agula makabati atsopano, amtundu wotentha kuposa onse. Kunabwera ojambula, kunali vinyo ndi zolankhula. Mayi Ornella anavala bwino n'kumamwetulira, koma alendo atapita ndinawapeza ataima pafupi ndi pampu yakufa ija, akuiyang'ana. Anandifunsa kuti yamoyoyo ndikuimva bwanji. Ndinati ikulira mosiyana ndi kale. Anagwedeza mutu n'kunena kuti alembanso kalata. Mayi ameneyu si woipa, koma m'manja mwake mulibe kanthu.

Ndinafunsa Tiziano kuti pampu ikafa chichitike n'chiyani. Anati makina ali ndi nzeru zawo, akamva kutentha amazima okha mmodzimmodzi mwadongosolo, ine changa n'kumuimbira foni basi. Pafupi ndi chitseko pali batani lofiira lalikulu ngati bowa. Analiloza n'kunena kuti, "Ili, madala, ndi la moto wokha, moto wa malawi. Mukalikhudza chifukwa choti mwamva kulira, ndidzakukwatitsani kwa apongozi anga." Ndinaseka kuti asandione nkhope.

Iye ali ndi pepala la ntchito yokhazikika, ndi mwana wa dziko lino. Ine ndinalembedwa ndi kakampani kobwereketsa antchito, ndipo pangano langa amalilemba chaka ndi chaka. Chinthu cha tonse chikawonongeka, anthu sayang'ana kumwamba, amayang'ana amene waima pafupi. Woima pafupi ndine.

Kwayamba kutentha. Akuti chilimwe chino chidzakhala choopsa. Undiyatsire kandulo.

Trifan

12 Julayi 2023

Domnica,

Moni. Ndili moyo, usadandaule ndi kalembedwe kanga.

Ndalama mwezi uno palibe. Umvetsetse zimene ndikuuze ndipo usandifunse pa foni. Upite ndi Lilia kwa olemba zikalata za malo, munda wa mphesa ndi nyumba zilembedwe m'dzina lake. Kukabwera kalata iliyonse ya Chitaliyana, usasaine. Munthu akafunsa za ine, unene kuti sunamve kanthu.

Ngati a kwa Ilarion ayamba kulankhula china chake pa sitolo, undiuze mawu ake enieni.

Ku ntchito andiuza kuti ndiyambe ndapuma.

T.

30 Julayi 2023

Domnica mkazi wanga,

Moni. Kalata yako ndailandira, ndipo ukunena zoona, kukubisira n'kukuzunza kawiri. Ndikudya pang'ono. Usiku ndimagona chokhala, ndikagona chagada mpweya umavuta.

Linali Lamlungu masana, dzuwa loti phula la mumsewu limamata nsapato. Inali sabata yanga yoyendera chipinda. Nditangotsegula chitseko cha kumapampu ndinamva fungo. Domnica, fungo lomwe lija. Waya wopsa ndi girisi wouma, monga mmene munkanunkhira m'kanyumba ka kumtsinje. Pampu inkalira ngati nkhumba yogwidwa miyendo. Ndinaimbira Tiziano, anali kunyanja ndi ana ake, sanayankhe. Ndinaimbira mayi Ornella, foni yawo inali yozima. Ndinaima pakati pa makabati, mpweya ukutentha kumaso, ndipo sindinaonenso makabati. Ndinaona holo ija, mabenchi aja, Ilarion ataimirira ndi chipewa m'manja. Ndinati ulendo uno sadzanena kuti ndinagona. Ndinadina batani lofiira.

Chete amene anagwa mmenemo sindinamumvepo chibadwire.

Moto panalibe. Pampu inali itawonongeka ndithu, koma makina anali atayamba kale kuzima okha mwadongosolo, monga Tiziano ananenera. Ine ndinawadula pakati. Ambiri anadzuka mawa lake. Kabati yakale ya kukona ija sinadzuke yonse. Ntchito za anthu angapo zapita, ndipo yambiri ndi ya Benedetta, ya chaka chathunthu.

Tiziano atafika sanandikalipire. Anangokhala pansi pa simenti n'kugwira mutu. Kunali bwino akanandimenya.

Aitanitsa msonkhano kumapeto kwa Ogasiti, anthu akabwerako ku tchuthi, ndipo akuti ndikafotokoze. Mnzanga wina wogona naye chipinda chimodzi akuti kabati imodzi mtengo wake umaposa nyumba zonse za mumsewu wathu. Wina akuti ndithawe ndi Nicanor usiku womwe uno. Ndinalongedza chikwama, kenako ndinamasulanso. Ndikathawa, Raisa adzamva, ndipo ndisanafike pa mlatho wa kwathu mudzi wonse udzakhala ukunena kuti Chiwotcha wawotchanso ku Italy. Ndende sindikuiopa kwambiri. Ndikuopa zimenezo.

Dzanja lodina linali langa, sindikana. Koma amene analiphunzitsa mantha ukumudziwa, akukhala pa benchi ya kutsogolo.

Trifan

10 Sepitembala 2023

Domnica,

Moni nkhalamba yanga. Mphesa zapsa? Usakwere makwerero, ulipire anthu athyole. Ndakutumizira zochepa zimene kakampani kaja kanandipatsa. Kalatayi ndikulembera m'chipatala, koma usathamange mtima, anditulutsa Lachisanu. Ndinagwa pa masitepe a sitima ya mumzinda. Adokotala akuti ndi mtima, ndipo wakhala ukuvuta kuyambira kale. Anandifunsa ngati kwathu kuli wondisamalira. Kafunsidwe kake ndinakamva.

Msonkhano unachitika. Ndinavala suti ya ukwati wa Lilia. Ndinkayembekezera holo yodzaza, koma munali tebulo limodzi ndi anthu ochepa. A Zanon anayamba ndi kufunsa kuti munthu wosesa anapatsidwa bwanji mphamvu yozimitsa chuma cha yunivesite, ndipo anafuna kuti dzina langa ndi la kampani yanga zilembedwe kuti a inshuwalansi adziwe kolowera.  Ndinayang'ana pansi kudikira mawu aja, akuti ndinaledzera.

 Mayi Ornella anatembenukira kwa ine n'kundifunsa kuti ndinamva fungo lanji, ndinaimbira ndani, ndinkadziwa chiyani pa nthawi imeneyo. Anafunsa pang'onopang'ono kuti Chitaliyana changa chikwanire. Palibe anandifunsa ngati ndinamwa. Nditamaliza, a Zanon anabwerezanso za dzina. Mayiwo anati: "M'ntchito yathu ino, makina akagwa timalemba chimene chawagwetsa, sitilemba mayina a anthu. Tikalemba dzina, mawa wina adzamva fungo n'kukhala chete."

Anakangana nthawi yaitali, zambiri sindinazimve. Koma chikalata chitatuluka Tiziano anabwera nacho kuno n'kundiwerengera yekha. Akuti chipinda chinkayenda ndi pampu imodzi chifukwa panalibe nthambi yovomera kulipira inayo. Akuti panalibe munthu wolipidwa kuyankha foni Lamlungu. Akuti kabati yosungira inali itapitirira zaka zake. Za ine alemba kuti "wantchito amene analipo anazimitsa magetsi poopa moto." Ndinamuuza awerengenso pamenepo. Anati, "Madala, mukufuna ndikuimbireni ngati nyimbo?" Ndinatembenukira kukhoma kuti asaone.

Usaganize kuti zonse zatha bwino. Za pampu sanagwirizanebe. Aona kuti n'kwapafupi kutseka chipinda chathu kumapeto kwa chaka, makina a mayina awasamutsire ku likulu lalikulu la mzinda wina, ena onse azigula maola kumeneko, aliyense ndi thumba lake. Amene alibe thumba sindikudziwa adzawerengera kuti. Pangano langa salilembanso. Benedetta ndinakumana naye pa khonde ndisanadwale. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumbali, n'kudutsa. Pa pepala dzina palibe, koma iye akudziwa, ndipo sindingamudandaule.

Raisa sanamve kanthu. Anabwera kudzandiona ndi msuzi wa nkhuku, akuganiza kuti ndadwala ndi ukalamba basi.

Ndibwera ndi Nicanor masamba asanathe kugwa. Undikonzere bedi m'chipinda cha pansi, cha ku mbaula. Sindikhulupirira kuti ndidzadulira mphesa chaka chamawa, ndipo usandiyankhe zonditonthoza.

Tsono ndili ndi chinthu chimodzi, ndipo ndikufuna upite wekha kwa Ilarion, osatuma munthu. Zaka zonsezi ndinkafuna kuti agwade, abweze ndalama, anthu amulavulire monga anandilavulira ine. Ndagona pano ndikuziganiza. Ndaona anthu achilendo, amene ndawawonongera zinthu zenizeni, akufotokoza chimene chinachitika popanda kupachika munthu. Ndiye kuti n'zotheka. Ukamuuze kuti pa tsiku la chikondwerero cha tchalitchi chathu, mapemphero akatha, anthu asanapite kukadya, aime pa khomo n'kunena ndi pakamwa pake kuti pampu ya kumtsinje inapsa chifukwa girisi ndi mabering'i sizinagulidwe. Basi. Za kumene ndalama zinapita asanene, zimenezo akakambirana ndi Mulungu. Ine ndidzakhala pamenepo, ngakhale mundinyamule pa mpando.

Sindikupempha kuti atchule dzina lake. Angochotsapo langa, ndisanalowe nalo m'manda.

Mwamuna wako,
Trifan Bodrug